Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Maraketi a m'kaunjika

M'gawo lapita lija ndinalekezera pamene amalume anandisiyira shedi yawo ya ukalipentala pa boma la Dedza, iwo n'kubwerera kumudzi ku Bembeke kukalima mbatata ya kachewere. Chimenecho chinali chaka cha 2010, ndipo m'chaka chomwecho ndinayamba khalidwe limene anzanga amandiseka nalo mpaka lero, lotolera maraketi akale a tenesi.

Tenesiyo sindidziwa kusewera kwake. Ine ndinakulira mpira wachikulunga, ndipo bwalo la tenesi ndinaliona koyamba ndili kale ndi ndevu. Alendo akalowa pabalaza n'kuona maraketi ali ndandanda kukhoma amafunsa kuti, "Kani bambo munali katswiri?" Ndimangoseka. Chinandikoka ine ndi thabwa.

Shedi inali pafupi ndi msika, ndiye anyamata a kaunjika ankakonda kudzabisa mabelo awo kwa ine mvula ikawapeza. Mmodzi mwa iwo ankaoda nsapato ndi zikwama ku Lilongwe, ndipo nthawi zina ankatengerako matumba a katundu wosakaniza: zidole, mafelemu a zithunzi, maambulera othyoka nthiti, makapu osiyana mitundu. M'thumba lina anapezamo raketi yamatabwa. Inakhalitsa pamulu wake popanda woifunsa mtengo, kupatula ana amene ankaiyesa ija yamagetsi yophera udzudzu. Atatopa nayo anabwera nayo kushedi.

"Amwene, tandichotsereni zingwezi muikepo waya wa sefa, mwina amayi a zitumbuwa angagule."

Nditaitembenuza cham'mbali kuti ndione poyambira kudula, ndinapeza kuti mutu wake si thabwa limodzi. Unali timatabwa topyapyala, tina toyera tina toderako, tomatidwa pamodzi n'kupindidwa mozungulira, popanda msomali ndi umodzi womwe. Guluu sankaoneka n'komwe. Aliyense amene wapalapo paini ndi bulugamu akudziwa kuti thabwa silipindika mwaulemu, ukalikakamiza limakuyankha ndi mng'alu. Koma apa munthu analipinda mpaka mbali ziwiri kudzakumana pakhosi, n'kutsika limodzi kukhala mpini wowongoka bwinobwino. Ndinamuuza mnyamata uja kuti sefa ndimupangira ina ya paini, iyi andisiyire. Tinatha choncho, ndalama sinatuluke m'thumba.

Loweruka lake ndinakwera nayo minibasi wa ku Bembeke. Amalume anavala magalasi awo, n'kuyamba kuwerenga timatabwa tija ndi chikhadabo. Anaigogoda, anaiyika kukhutu, anaisuzumira kuchokera kumpini ngati mmene ankasuzumirira felemu ya chitseko. Atatha zonsezo anati, "Mphwanga, amene anapanga ichi analibe kasitomala womudikirira pakhomo." Kwa amalume amenewo anali mawu aakulu, chifukwa ntchito ya munthu wina sankaiyamikira wamba.

Pakhosi pake panalembedwa kuti Dunlop Maxply Fort, ndipo tizilembo tina tinkanena kuti inapangidwa ku England. Nthawi imeneyo foni yanga inali yongoimbira, choncho ndinakalipira mphindi pa kompyuta ya pa boma pomwepo n'kulemba dzinalo pa intaneti. Ndinapeza kuti Maxply inatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 ndipo inakhala ikupangidwa kwa zaka pafupifupi 50. Rod Laver wa ku Australia, amene anapambana mipikisano yonse inayi ikuluikulu m'chaka chimodzi, mu 1962 komanso mu 1969, ankamenyera Maxply. John McEnroe anali ndi yomweyo pamene anagonjetsa Björn Borg ku Wimbledon, mpikisano waukulu wa ku England, mu 1981. Mitengo yake ndi ya kumaiko ozizira, monga ash ndi beech, ndipo ash amamukonda chifukwa amalola kupindika osathyoka. Ya kwathu kuno, mbawa kapena mlombwa, ndi yokongola pa tebulo ndi pa kabati, koma ntchito iyi siingaithe.

Kuchokera apo ndinayamba kuuza mavenda onse amene ndinkadziwana nawo kuti akapeza chinthu chotere asachitaye. Maraketi sabwera pafupipafupi. Umatha kukhala miyezi osaona ndi imodzi yomwe, kenako ziwiri n'kutulukira pamodzi. Ndinazolowera kuti ndikapita ku Lizulu kukagula kabichi ndi tomato, kapena ndikadutsa pa Chimbiya, ndiyambe ndazungulira kumilu ya katundu wosakaniza, kumene amayi amafufuza mapoto ndipo ana amafufuza zidole. Ina inachokera kwa bambo wina amene anagwirapo ntchito yophika kwa azungu, anamusiyira pobwerera kwawo, ndipo anaisunga zaka zambiri pansi pa bedi pamodzi ndi nsapato za jombo.

Raketi ikafika m'manja, dzina si loyamba kuliyang'ana. Choyamba ndimafuna kudziwa ngati ilidi ya tenesi, chifukwa mavenda chilichonse chokhala ndi zingwe amangoti raketi. Ya tenesi ndi yotalika mainchesi 27, ndipo yamatabwa imalemera ndithu, magalamu 370 mpaka 400 kapena kupitirirako pang'ono, pamene zamakono zambiri zimangozungulira pa 300. Ndinkabwereka sikelo ya pagolosale yoyandikana ndi shedi, mwini wake n'kumadabwa kuti ndikuyeza nkhuni. Ya squash yamatabwa kutalika kwake n'kofanana ndi kwa ya tenesi, ndipo ambiri amasokonezeka pomwepo, koma kamutu kake n'kakang'ono, kozungulira, khosi n'lalitali komanso lowonda. Ya badminton ndiye simungaiphonye, imapepuka moti mwana wa sitandade 1 angaisewere ndi zala ziwiri.

Kenako ndimapita kumapeto kwa mpini, kumene kampani imaika chizindikiro chake. Zolemba za pakhosi zimatha kufufutika ndi thukuta ndi dzuwa, koma kumeneku nthawi zambiri kumatsala. Wilson amaika W, Dunlop amaika D wake wosongoka ngati muvi, ndipo Slazenger ndi uja wa kambuku wodumpha, kampani yomwe yakhala ikupereka mipira ku Wimbledon kuyambira 1902. Cham'mbali mwa mpini mumapezeka tizilembo L, LM kapena M, tonena ngati raketiyo ndi yopepuka, yapakati kapena yolemererako, ndi nambala monga 4 1/2 kapena 4 5/8, yomwe ndi kukula kwa chogwirira m'mainchesi mukachizunguliza ndi tepi. Chogwiriracho pa maraketi abwino chimakhala cha chikopa chenicheni. Chikauma ndimachipaka polishi wopanda mtundu, pang'ono chabe, n'kuchisiya usiku.

Zingwe nazo zimanena zambiri. Zabwino kwambiri zinkapangidwa ndi matumbo a ng'ombe, ndipo mukazipeza pa raketi yakale zimakhala zofiirira, zouma, zotuluka timaubweya pamene zikufuna kuduka. Za nayiloni ndi zosalala ndipo zimakhala zaka osasintha. Pa maraketi ena, kumwamba ndi kumunsi kwa mutu kuli tizingwe topyapyala tamtundu tokulungidwa pa zingwe zazikulu. Mbali imodzi timamveka tosalala, mbali inayo tokhakhala. Osewera ankazunguza raketi pansi, wina n'kulosera mbali imene igwere pamwamba, ndipo wolondola ndiye ankasankha woyamba kumenya. Kanthu kakang'ono chonchi ndi kamene kamandichititsa kuima nthawi yaitali pamulu wa kaunjika, mwini mulu akundiyang'ana ngati ndikufuna kuba.

Ambiri mwa amene ndimapeza ndi olembedwa kuti anapangidwa ku Pakistan. Mzinda wa Sialkot kumeneko ndi wotchuka ndi katundu wa masewera, ndipo maraketi otchipa ankachokera kumeneko ochuluka zedi. Mumawadziwa ndi penti wochindikala wobisa thabwa, timatabwa tochepa m'mutu, ndi mabowo a zingwe osasalazidwa. Sindiwanyoza, anagwira ntchito yawo, koma ine ndimagula imodzimodzi, makamaka ikakhala ndi chokongoletsa chachilendo.

Ziwiri zimene ndimanyadira kwambiri ndi Wilson Jack Kramer Autograph ndi Donnay. Kramer anali wa ku America, anapambana Wimbledon mu 1947, ndipo raketi ya dzina lake mumaidziwa ndi kachisoti kachifumu pakhosi loyera. Kumatidwa kwake n'kwaukhondo kuposa kwa Maxply yanga, ngakhale amalume sanavomereze zimenezi mpaka tsiku lawo lomaliza. Donnay ndi kampani ya ku Belgium imene inkapangira Borg, munthu amene anatenga Wimbledon kasanu motsatizana kuyambira 1976 mpaka 1980. Yanga ndi yakuda, ndipo chikopa cha chogwirira chinakwera mtunda wautali chifukwa Borg ankamenya mbali imodzi ndi manja awiri. Ndinaipeza ku Lizulu itamangidwa pamodzi ndi ndodo za hockey.

Palinso ina imene sindiikonda koma sindingaitaye, Wilson T2000. Imeneyi ndi yachitsulo, inatuluka mu 1967, ndipo amene anaiganiza ndi René Lacoste wa ku France, uja wa malaya a chizindikiro cha ng'ona. Jimmy Connors anapambana nayo Wimbledon mu 1974 ndi mu 1982. Ilibe mabowo a zingwe, m'malo mwake waya anazunguliza felemu yonse ndipo zingwe zimakoledwa pa wayayo. Nzeru zilipo ndithu, koma kwa kalipentala chitsulo chilibe nkhani. Yanga inabwera ndi dzimbiri, ndinaichotsa ndi sitiliwulu ndi mafuta a makina osokera.

Mdani wamkulu wa maraketi amatabwa kuno ndi nyengo. Boma la Dedza lili pamtunda, mamita pafupifupi 1,600, ndipo amene anagonapo kuno mu June kapena July akudziwa nkhungu imene imatsika m'phiri m'mawa. Dzinja likafika chinyezi chimalowa m'nyumba, October akabwera zonse zimauma gwa. Thabwa limamwa ndi kulavula chinyezi chimenechi pamene zingwe zikulikoka, mapeto ake mutu umapotoka n'kukhala ngati chipande. Pogula ndimaigoneka pa tebulo losalala: ikamagwedera, yapita, ndipo palibe kalipentala angaiwongole bwinobwino. Chingwe chimodzi chikaduka ndi bwino kudula zonse, chifukwa zotsalazo zimakokera mbali imodzi. Eni ake kale ankasunga raketi m'chopanira, mafelemu awiri a matabwa omangidwa ndi mabawuti anayi m'makona. Zopanira sizibwera kawirikawiri m'kaunjika, ndiye ndinayamba kupanga zanga ndi zidutswa za mlombwa zotsala pa makabati. Apa ndiye mlombwa unapeza ntchito yake. Ndimakolekanso maraketi motalikirana ndi khoma, kuopa chiswe, ndipo iliyonse yokhala ndi timabowo ta kufumbwa siilowa m'nyumba.

Mu May 2012 kwacha inagwetsedwa mphamvu, mabelo anakwera mtengo, ndipo mavenda anayamba kuwerengera kanthu kalikonse. Nthawi yomweyo mphekesera inafala pamsika yoti kalipentala uja amagulitsa maraketi kwa azungu odzaona mbiya ku Dedza Pottery, ndipo akupha nazo makwacha. Raketi imene kale ankandipatsa ngati basera anayamba kuitchula mtengo wa nsapato zachikopa. Wina anandiuza maso ali gwa kuti, "Akulu, ife tikudziwa kuti muli golide m'menemu." Ndinayesa kufotokoza kuti Maxply ndi Jack Kramer zinapangidwa zambirimbiri, ndipo ku Ulaya komweko yawamba imagulitsidwa motchipa, yodula ndi imene inagwiridwa ndi katswiri weniweni ndipo pali umboni wake. Sanandikhulupirire. Ndinangophunzira kunenerera mosaonetsa chidwi, kuyamba ndafunsa mtengo wa ambulera, raketi n'kuitchula pomaliza ngati ndangoikumbukira.

Kuti maraketiwa afike mpaka pa Lizulu n'chifukwa choti kwawoko anatha ntchito mwadzidzidzi. Mu 1976 kampani ya Prince inatulutsa raketi ya mutu waukulu, imene anaiganiza Howard Head, masikweya inchesi 110 pamene yamatabwa inali ndi 65 okha. Thabwa silikanatha kukula chotero popanda kulemera kapena kupotoka. Kenako kunabwera graphite, yopepuka ndi yolimba, ndipo McEnroe mwini wake anasiya Maxply mu 1983 n'kutenga Dunlop Max 200G. Chaka chomwecho Yannick Noah, amene bambo ake anali a ku Cameroon, anapambana French Open ndi raketi yamatabwa, ndipo amatchulidwa kuti ndiye womaliza kutenga mpikisano waukulu ndi thabwa. Patangopita zaka zochepa palibe ankazifunanso. Zinakhala m'magalaja ndi m'madenga mpaka ana a eni ake, poyeretsa nyumba, anazipereka kumasitolo a zachifundo, n'kulowa m'matumba omwewo obwera ndi zidole. Ine ndimaona kuti masewerawo anapindula, koma umisiri unaluza, ndipo mafakitale amene ankadziwa kupinda ash anatseka kapena anasamukira ku zina.

Mayi a kunyumba analeza nazo mtima mpaka tsiku limene ndinakhoma msomali pafupi ndi chithunzi cha ukwati wathu. Anaima pakhomo la kukhitchini n'kunena kuti, "Abambo, khoma limodzi ndi lanu, atatuwa ndi anga." Lamulo limenelo likugwirabe ntchito, ndipo landithandiza kusankha: yatsopano ikabwera, ina ya ku Pakistan imatsika n'kupita kwa ana a achemwali anga, amene amamenyera mipira ya mapepala kuseri kwa nyumba.

Malo amodzi pakhomapo ndinasiya dala. Ndikufuna Head Arthur Ashe Competition, mtundu wa raketi ya Arthur Ashe, mwamuna wakuda woyamba kupambana Wimbledon, amene anagonjetsa Connors mu 1975. Si yamatabwa, koma imeneyo ndingaipatse ulemu. Anyamata a ku Lizulu ndi a pa Chimbiya ndinawatumizira chithunzi chake pa WhatsApp, ndipo mpaka pano amanditumizira zithunzi za maraketi a squash. M'gawo lotsatira ndidzafotokoza za oda ya madesiki a pasukulu ina ya kumudzi, imene inatsala pang'ono kunditsekera shedi mu 2013.