Anandineneza ndi mabakiteriya

Chaka chomaliza ku koleji, madamu ena anandisiyira makiyi a labu kuti ndiziyang'anira mbale zawo za Synechocystis, mabakiteriya obiriwira aja amene amadzipangira chakudya ndi kuwala monga zomera. Ntchito yake inali yophweka. Kadontho ka mabakiteriya pakati pa mbale, nyale mbali imodzi, chipinda chamdima, ine osakhudza kanthu.

Vuto linali loti m'labumo munali Wi-Fi yothamanga, ndipo inali sabata ya Champions League. Lachiwiri ndi Lachitatu usiku ndinalowa ndi tchipisi changa, n'kukokera nyale ija pakona kuti ndiziona chimene ndikudya. Mpira ukatha tulo tinkandibera pomwepo, nyale n'kuibwezera m'mawa. Akanandiona ndani? Bakiteriya ali ndi maso?

Ali nawo, abale. Iyeyo ndiye diso lenilenilo. Mu 2016, asayansi Conrad Mullineaux, Annegret Wilde ndi anzawo anasonyeza kuti kaselo kozungulira kameneka kamagwira ntchito ya mandala. Kuwala kukalowa kutsogolo, kumakasonkhana pamalo amodzi kumbuyo kwa selo, ndipo apo kamadziwa kumene kuli nyale. Kenako kamaponya tizingwe totchedwa pili n'kumadzikoka kulowera komweko. Kakakhala kokha sikapita patali. Koma akaunjikana m'mphepete mwa dontho amatulutsa zoterera ngati therere, obwera m'mbuyo n'kumatsetsereka m'njira yomweyo, mpaka gulu lonse limatuluka m'mizere yooneka ngati zala.

Zala zimenezi ndi zimene zinandipachika.

Loweruka madamu anabwera, anayatsa getsi, n'kuima chete. Mbale zonse, popanda yotsutsa ngakhale imodzi, zinali ndi zala zokhota pakati, ndipo pokhota pakepo pankaloza pakona. Pakonapo panali mpando, ndi pepala la mafuta a tchipisi.

"Achimwene, nyaleyi ili ndi miyendo?"

Ndinayesa kunena kuti mwina mabakiteriyawo anasokonezeka chifukwa chothithikana. Anangogwedeza mutu. Anati kuthithikana kumawathandiza kuyenda, koma kolowera amauzidwa ndi kuwala. Atatero anatenga rula, n'kuyamba kuyeza chala chimodzi, uku akuwerengera masiku chamumtima.

"Lolemba chinawongoka. Apa chakhota, ndi Lachiwiri ndi Lachitatu. Lachinayi chawongokanso." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Ndiye kuti Europa League simuikonda eti?"