Ndinkawonda ndikudya bwino, vuto linali pakhosi

Ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Chinamwali. Kulowetsa ulusi pa singano ndinkachita ndikucheza ndi kasitomala, maso ali kwina. Tsiku lina m'mwezi wa Juni ndinakhala ndi ulusi m'manja kwa mphindi zingapo, nsonga yake ikungovina m'mbali mwa bowo. Ndinaunyowetsa ndi malovu, ndinaudulanso ndi sizasi, koma zala zinkangonjenjemera. Mtsikana amene ndimamuphunzitsa kusoka anangotenga singanoyo mwakachetechete n'kundilowetsera.

Amene amakhala ku Zomba akudziwa Juni wa kuno. Chifunga chimatsika m'phiri, anthu ali m'majuzi ndi m'zipewa, pomwe ine ndinali m'bulauzi yopyapyala thukuta lili kamukamu. Usiku bulangete ndinkalikankhira kwa bambo akunyumba. Mtima unkagunda ngati ndakwera Ku Chawe wapansi, chikhalirecho ndili pampando. Nsima ndinkadya mitanda itatu njala osatha, koma masiketi anga ndinkawabweza m'chiuno mwezi ndi mwezi. Msambo unachepa. Ana ndinkawakalipira pa zinthu zosafunika n'kukalipira komwe, ndipo zimenezo zimandipwetekabe mumtima.

Munthu akamawonda msanga kwathu kuno, anthu amaganizira matenda amodzi okha. Ndinkaona mmene azimayi ena ankandiyang'anira ku mpopi. Apongozi anandiitanira pambali nati, "Mayi, pitani mukayezetse, masiku ano mankhwala alipo, musachite manyazi." Mlamu wanga wina anati mwina pali wochita nsanje ndi makina angawa, tipite kwa asing'anga. Ndinamvera apongozi.

Pa chipatala chaching'ono anandiyeza HIV, malungo ndi shuga, anatenganso makhololo kuti aone za TB. Zonse zinatuluka bwino. Ndinabwerako ndi mapiritsi opha ululu komanso uphungu woti ndichepetse kuganiza kwambiri. Ndikaganiza tsopano, nanenso sindinathandize, chifukwa ndinangodandaula za kuwonda basi. Za thukuta, za manja ndi za mtima ndinkaziona ngati nkhani zosiyana. Ngati mukupita kuchipatala ndi vuto lotere, lembani zonse papepala ndipo muziwerenge zonse pamaso pa dokotala, ngakhale zooneka zazing'ono. Matenda anga anali a chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, ndipo amadziwika zizindikiro zikaikidwa pamodzi.

Ulendo wachiwiri ndinachita choncho. Adokotala amene ndinawapeza tsikulo anandigwira pamkono akuyang'ana wotchi, nati mtima ukugunda ka 118 pa mphindi, pomwe wa munthu wamkulu akapuma umagunda pakati pa 60 ndi 100. Anandiuza kuti nditambasule manja kutsogolo, n'kuika pepala pamwamba pa zala. Pepalalo linkagwedezeka mpaka kumveka kaphokoso. Kenako anandipatsa madzi m'kapu kuti ndimwe iwo akuyang'ana khosi langa, anaima kumbuyo kwanga n'kulipapasa ndi zala, anandiyang'ananso m'maso nthawi yaitali. "Mayi," anatero, "ndikukayikira chithokomiro." Analemba m'buku langa la kuchipatala n'kunditumiza ku chipatala chachikulu.

Mawu akuti chithokomiro ndinkawadziwa ngati chotupa chachikulu cha pakhosi, chija timachiona pa agogo ena kumudzi. Ine ndinalibe chotupa chooneka patali, nchifukwa chake ndinadabwa. Ku chipatala chachikulu ndinalawirira m'mamawa, buku lili m'manja, chifukwa mzere umatalika dzuwa likakwera. Adokotala a kumeneko anatenga cholembera n'kundijambulira kumbuyo kwa fomu.

Anati aliyense ali ndi chithokomiro. Ndi kachiwalo kooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko, kamakhala kutsogolo kwa khosi, kukumbatira kholingo, ndipo kulemera kwake ndi magalamu pafupifupi 20. Ndi kamodzi mwa tiziwalo timene timathira mahomoni m'magazi, ndipo magaziwo amanyamula uthengawo kupita nawo thupi lonse. Kapamba amatulutsa insulini yosamalira shuga. Pamwamba pa impso pali tiwiri timene timatulutsa mahomoni odzidzimutsa thupi pangozi, aja amachititsa mtima kuthamanga ukakumana ndi njoka. Chithokomiro chimatenga ayodini wa m'chakudya n'kupanga mahomoni otchedwa T4 ndi T3, amene amauza thupi liwiro logwirira ntchito: mtima ugunde motani, chakudya chipsereze motani, thupi lifunde motani.

Choyang'anira chithokomiro chili pansi pa ubongo, kachiwalo kochepa ngati njere ya nandolo kotchedwa pituitary. Kakaona kuti T4 wachepa m'magazi, kamatumiza homoni yotchedwa TSH kukachidzutsa. Kakaona kuti wachuluka, kamasiya kutumiza. Ine ndinazimva mwa makina anga osokera: chithokomiro ndi gudumu, TSH ndi phazi lopalasa. Kwa ine phazi linali litachoka kalekale, koma gudumu linkangozungulira lokha.

Kuyeza mahomoni amenewa sikuchitika paliponse ngati kuyeza malungo. Ine ndinakayezetsa ku labu yolipira, ndipo ndalama zake ndinabwereka ku banki m'khonde yathu. Funsani msanga komwe mungayezetse ndi mtengo wake musanakwere minibasi, ndipo onetsetsani kuti papepala palembedwa TSH ndi T4 yemwe, chifukwa ziwirizi zimawerengedwa limodzi. Magazi amatenga pamkono, kabotolo kamodzi, ndipo sanandiuze kuti ndisale chakudya.

Zotsatira zitatuluka ndinaziwerenga ndili panjira ndipo zinandisokoneza. TSH, amene mwa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 0.4 ndi 4.0 kapena chapompo, anali pansi pa 0.01. Ndinaganiza kuti ndiye kuti china chake chandithera m'thupi. Adokotala anandikumbutsa za chojambula chija: TSH watsika chifukwa T4 wakwera kwambiri. Anati matenda anga ndi aja amatchedwa Graves, potengera dzina la Robert Graves, dokotala wa ku Dublin amene anawafotokoza mu 1835. Chitetezo cha m'thupi chimalakwitsa n'kupanga asilikali amene amanamizira kukhala TSH, ndiye chithokomiro chimagwira ntchito usana ndi usiku. Amagwira akazi kwambiri kuposa amuna. Kwa ena amatuzula maso. Anga anali atangoyamba kuoneka ngati a munthu wodabwa, ndipo ankayabwa ngati mwalowa mchenga.

Asanalembe mankhwala anandifunsa mafunso awiri. Loyamba, ngati ndili ndi mphumu, chifukwa propranolol, mankhwala odekhetsa mtima ndi kunjenjemera, amatha kubanikitsa munthu wa mphumu. Lachiwiri, ngati ndili woyembekezera kapena ndikufuna mwana posachedwa, chifukwa carbimazole, amene amachepetsa ntchito ya chithokomiro, akhoza kuvulaza mwana m'miyezi itatu yoyambirira ya pakati. Anati ndipitirize kulera, ndipo tikadzafuna mwana ndidzanene kaye kuti adzasinthe mankhwala. Nkhani imeneyi tinakambirana ndi bambo akunyumba usiku womwewo.

Propranolol anandithandiza m'masiku ochepa, ndinagona tulo tenitenti koyamba m'miyezi yambiri. Carbimazole ndi wochedwa. Amaletsa kupanga mahomoni atsopano, koma amene anasungidwa kale m'chithokomiro amayenera kutha kaye, ndiye pamapita masabata 4 mpaka 6 munthu asanaone kusintha. M'sabata yachitatu ndinatsala pang'ono kutaya mtima. Apongozi ndi amene ankabwera m'mawa uliwonse kudzafunsa, "Mwamwa, mayi?"

Chenjezo limodzi adokotala analibwereza kawiri ndipo analilemba m'buku ndi zilembo zazikulu. Ukamamwa carbimazole n'kumva kupweteka pakhosi, kutentha thupi kapena zilonda m'kamwa, usiye kumwa ndipo upite kuchipatala tsiku lomwelo akayeze magazi. Mwa anthu ochepa mankhwalawa amagwetsa maselo oyera oteteza thupi, ndipo zikatero kamatenda kakang'ono kangathe kupha. Zinandichitikira m'mwezi wachiwiri, Loweruka m'mawa: pakhosi pakuwawa, thupi likutentha. Mtima unkati ndi chimfine chabe, ndimwe madzi a mandimu. Ndinasiya nsalu ya mwini ili pa makina n'kukwera kabaza. Ndinauza anamwino dzina la mankhwala ndisanakhale n'komwe pansi, ndinawaonetsa zilembo zazikulu zija. Magazi anatuluka bwino, chinali chimfinedi, ndipo anandiuza kuti ndiyambirenso kumwa. Zitachitikanso mawa, ndingapitenso.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinayamba kumva kuzizira. Ndinkasinza pa makina, nkhope inatupa pang'ono, khungu linauma, m'mimba munkamanga, ndipo masiketi aja anayamba kuthina. Kuyeza kwa mwezi umenewo kunaonetsa kuti T4 watsika kupitirira muyezo, mankhwala anali atachuluka. Anandichepetsera, ndipo patapita masabata angapo thupi linakhazikika. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake amatiitana kukayezetsa pafupipafupi poyamba, mwina pakatha masabata 4 kapena 6 aliwonse. Mlingo wa mankhwala amaupeza poyeza magazi, ndipo umasintha.

Masabata amenewo anandilawitsa moyo wa anthu amene chithokomiro chawo n'chofooka. Pa benchi ya kuchipatala ndinadziwana ndi mayi wina wochokera ku Jali amene anachitidwa opaleshoni yochotsa chithokomiro chitakula mpaka kumubanikitsa akagona. Iye amamwa levothyroxine, amene ndi T4 yemweyo wa m'piritsi, ndipo adzamwa moyo wake wonse. Anandiuza kuti amamwa akangodzuka, ndi madzi okha, n'kudikira theka la ola kapena ola lathunthu asanadye phala. Mapiritsi owonjezera magazi, aja a ayironi, amawamwa patapita maola 4, chifukwa akakumana m'mimba mankhwalawo salowa bwino. Ena chithokomiro chimawafookera popanda opaleshoni, chitetezo cha m'thupi chikachiwononga pang'onopang'ono, matenda amene dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, anawafotokoza mu 1912. Anthu otere amangotchedwa aulesi pakhomo, munthu akudwala.

Chotupa chachikulu cha agogo chija nthawi zambiri chimabwera ndi kusowa kwa ayodini. Chithokomiro chikasowa chopangira mahomoni, TSH amachikakamiza mpaka chimakula. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 150 a ayodini patsiku (maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), mayi woyembekezera 250, ndipo akasowa kwambiri ubongo wa mwana sukula bwino. Nchifukwa chake mchere wa m'mapaketi amauthira ayodini, ndipo uyenera kusungidwa m'chotengera chotseka, kutali ndi chinyezi ndi moto. Chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira chimawonjezera vutoli pamene ayodini ndi wochepa kale. Koma ine, mlamu wanga atamva za ayodini n'kunena kuti ndizithira mchere wambiri m'ndiwo, adokotala anakaniza. Matenda a Graves sabwera chifukwa chosowa ayodini, ndipo kumuchulukitsa kungawakolezere.

Pano ndili m'mwezi wa 14. Anandiuza kuti carbimazole amamwedwa miyezi 12 mpaka 18, kenako amayesa kusiya n'kumayezabe magazi, chifukwa kwa ena matendawa amabwerera ndipo pamafunika kukambirana njira ina, monga opaleshoni. Kumapeto kwa buku langa la maoda ndinapatula masamba awiri. Lamlungu lililonse madzulo ndimalembamo kugunda kwa mtima pa mphindi, ndipo ndimadziyeza khosi ndi tepi yanga yosokera. Ndikapita kuchipatala ndimanyamula mabuku onse awiri.

Mwezi watha kunabwera mayi wina kudzasoketsa diresi la kolala yotseka, la ku chinkhoswe. Ndikuzunguliza tepi m'khosi mwake ndinamva chotupa pansi pa zala zanga, ndipo atameza malovu chinakwera n'kutsika. Ndinazengereza pang'ono, poti ndine telala chabe. Kenako ndinati, "Achemwali, pepani, khosi lanuli munaonetsako kuchipatala?" Anati ayi, koma wakhala akutopa chaka chonse ndipo tsitsi likuthothoka. Ndinang'amba pepala m'buku la maoda, tinalemba zonse zimene amamva, ndipo pansi pake ndinalemba TSH ndi T4. Pobwera kudzatenga diresi Lachisanu, anatsegula chikwama kundionetsa buku lake la kuchipatala, muli kalata yomutumiza kukayezetsa magazi Lolemba.