Tsiku lodetsa Spitfire

Loweruka. Vanishi wonyezimira amene ndinapopera dzulo usiku wauma bwino, moti m'mawa uno nditakhudza kunsi kwa phiko la kandege kapulasitiki kamene ndikupanga chala sichinakakamire. Masitika onse agwira, palibe ndi imodzi yomwe imene ikuonetsa kachifunga koyera kaja kamene kamabwera mpweya ukatsekeredwa pansi pake. N'chifukwa chaketu timayamba tapopera wonyezimira: pa penti wosanyezimira pamakhala timabampu tosaoneka ndi maso, sitika imakhala pamwamba pa timabampu timeneto, kunsi kwake n'kutsala mpweya.

Kandege kamene kali patebulo ndi Spitfire Mk I, ndege yankhondo ya Britain, ya pa sikelo ya 1/48, kutanthauza yochepetsedwa ka 48, monga inkaonekera mu Ogasiti 1940 nkhondo ya mumlengalenga itafika pachimake ku Britain. Yeniyeniyo mapiko ake kuchokera nsonga kufika nsonga ndi mamita 11.23, choncho kangaka n'kotambalala masentimita 23 ndi kachidutswa. Pamwamba ndinapaka mitundu iwiri ya nthawiyo, Dark Earth ndi Dark Green, kunsi Sky, mtundu wotuwira wobiriwirako umene unalowa m'malo mwa zakuda ndi zoyera mu Juni chaka chomwecho. Pakali pano kakuwala ngati kangotuluka kumene m'fakitale, ndipo ntchito ya lero yonse ndi yokachotsa kuwala kumeneko.

Ndayamba ndi mizere ya pakati pa malata. Ndasungunula penti wa mafuta wofiirira moderako mpaka kukhala madzimadzi, n'kumangokhudzitsa nsonga ya burashi pamene mizere iwiri yakumana. Penti amayenda yekha m'kangalandeko, iwe n'kumangomuyang'ana akuthamanga kuchoka pa injini mpaka kukaima pa chitseko. Gawo limeneli sindimatopa nalo. Ataumako pang'ono ndatenga kathonje konyowetsa pang'ono ndi thinner, mankhwala osungunulira penti, n'kupukuta wotsala, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo nthawi zonse, kuti kakatsala kachizindikiro kalikonse kaoneke ngati n'kamene mphepo inakokera. Wakuda weniweni sindimugwiritsa ntchito pa mizere. Amachititsa ndege kuoneka ngati yajambulidwa ndi bolopeni.

Ndili pakati pa zimenezi mphwanga walowa, waima kumbuyo kwanga nthawi yaitali ndithu osanena kanthu, kenako: “Amalume, mwavutika masiku onsewa kupenta, ndiye lero mukuidetsanso dala?”

Ndamuuza kuti akoke mpando. Ndamuonetsa chithunzi chakale cha Spitfire itaima pa udzu, amakaniko awiri ali pa phiko, n'kumufunsa kuti aloze pamene pada. Waloza kumbuyo kwa mapaipi a utsi. Waloza pa tsinde la phiko lakumanzere. Wafunafuna kwina, kenako wati, “Kwinaku kuli bwinobwino.” Eya basi. Mwana waona mumphindi imodzi zimene anthu ena opanga tindege zaka zambiri amakana kuona.

Pa intaneti pali tindege tambiri topangidwa mwaluso kwambiri koma todetsedwa mopitirira muyezo. Lata lililonse lazunguliridwa ndi mthunzi wakuda, penti wasupuka paliponse mpaka pamchira, dzimbiri lili mbwee pa ndege imene khungu lake ndi aluminiyamu, chitsulo chosachita dzimbiri lofiira. N'zokopa maso, sindikana, ndipo mwini kandege ali ndi ufulu wochita nako zimene akufuna. Koma ine ndikamaona zoterozo ndimadzifunsa kuti ndege imeneyi yakalamba liti. M'miyezi ya Julayi mpaka Okutobala 1940 ndege zambiri sizinkakhalitsa. Zinkagwetsedwa, kapena kuwonongeka n'kutumizidwa kokakonzedwa, zatsopano n'kubwera m'malo mwake. Komanso iliyonse inali ndi anthu ake oisamalira, wina wa injini, wina wa thupi la ndege, ena a mfuti, ndipo ankadziwa kuti khungu losalala limathandiza liwiro. Lamulo langa ndi limodzi: banga lililonse likhale ndi mwini wake. Ngati sindingathe kunena kuti apa panaponda nsapato, apa panadutsa utsi, apa panagwira dzanja la makaniko, sindiikapo kanthu.

Palinso nkhani ya masamu imene anthu amaiwala. Pa 1/48, kachikanda ka milimita imodzi pa pulasitiki ndi chibanga cha masentimita pafupifupi asanu pa ndege yeniyeni. Ndipo ukamayang'ana kandege uli pa mtunda wa masentimita 30, zili ngati waima mamita 14 kuchokera pa yeniyeniyo. Pa mtunda umenewo misomali ya malata siioneka bwinobwino n'komwe.

Podikira kuti mizere iume ndatsegula bokosi la kandege kena, Hawker Hurricane, limene lakhala likundiyang'ana pa shelefu. Sindinamate kalikonse, ndangodula mbali ziwiri za thupi n'kuzigwirizanitsa ndi tepi kuti ndione ngati zikukumana. Zikukumana, kupatula kampata kakang'ono kunsi kumene kadzafune phala lotsekera. Mphwanga wadutsitsa chala kumbuyo kwa thupilo n'kufunsa chifukwa chake kuli timizere totukuka. Kumeneko ndi nsalu. Sydney Camm anaipanga ndege imeneyi mwa njira yakale, mafupa a mapaipi achitsulo, timatabwa pamwamba pake, kenako nsalu yokokedwa n'kuumitsidwa ndi mankhwala. Inauluka koyamba mu Novembala 1935, miyezi yochepa Spitfire ya R. J. Mitchell isanauluke pa 5 Malichi 1936. Mu 1940 ma Hurricane ndi amene anali ambiri ndipo ndi amene anagwetsa ndege zambiri za Germany, ngakhale kutchuka kunapita kwa mnzake wa mapiko okongola. Chimene chimandiseketsa n'chakuti ndinaonapo Hurricane yopakidwa mabanga asiliva kumbuyo konseko, ngati penti wasupuka n'kuonetsa chitsulo. Chitsulo chake chiti pa nsalu?

Dzuwa litapendeka ndapopera vanishi wosanyezimira, wochepa kwambiri, maulendo angapo opepuka m'malo mothira kamodzi. Apa m'pamene kandege kamasiya kuoneka ngati chidole. Zilembo zotuwa za m'mbali ndi zizindikiro zozungulira zija, zabuluu ndi zofiira pamwamba pa mapiko, zokhala ndi mkombero wachikasu m'mbali mwa thupi, zonse zalowa mu penti ngati zinapakidwa ndi burashi. Mphwanga anali atapita kale panthawiyi. Anatopa ndi kudikira, ndipo sindimuimba mlandu, theka la ntchito imeneyi ndi kuyang'ana penti akuuma.

Kusupula penti ndachita ndi pensulo yasiliva yosongoledwa kwambiri. Imagwira bwino pa vanishi wosanyezimira, ndipo ukaona kuti yachuluka umangofufuta ndi kathonje konyowa. Chitseko cha Spitfire chili kumanzere, kachitseko kakang'ono kotsegukira pansi, choncho woyendetsa ankakwera pa phiko lakumanzere kuchokera kumbuyo kwake, makaniko n'kumutsatira kukamuthandiza kumanga malamba. Tsiku lililonse, kangapo pa tsiku, nsapato zokhala ndi dothi zinkaponda malo amodzimodziwo. Ndadontheza timadontho tating'ono kwambiri pamenepo, tothithikana pafupi ndi thupi, tomwazikana ukamatalikira, osajambula mzere ngakhale umodzi. Kumanja ndaikako tochepa chabe. Kenako tina pa zomangira za zivindikiro za injini, pamene sikuludiraiva inkaterereka, tina m'mphepete mwa zivindikiro za mfuti, ndi tiwiri titatu pozungulira chotsekera thanki. Mathanki a Spitfire anali kutsogolo kwa woyendetsa, pakati pa iye ndi injini, awiri, onse pamodzi magaloni 85, ndipo wothira mafuta ankachita kukwera kuti afike pa chotsekera chili pamwamba, patsogolo pa galasi. Ukaganizira malo amene mafutawo anali umamvetsa chifukwa chake ambiri mwa oyendetsa ndege amene anapulumuka moto anapsa kumaso ndi m'manja.

Zigamba zofiira za kutsogolo kwa mapiko zanditengera nthawi yaitali kuposa china chilichonse lero. Mk I inali ndi mfuti zisanu ndi zitatu za Browning .303, zinayi phiko lililonse, iliyonse ndi zipolopolo 300, zimene zinkatha m'masekondi pafupifupi 15 ukangopanikiza batani osasiya. Ndege ikatera, a mfuti ankadzazanso zipolopolo, kenako n'kumata kansalu pa bowo lililonse ndi mankhwala ofiira omatira nsalu, kuti fumbi lisalowe komanso kuti mphepo yozizira ya m'mwamba isaumitse mfuti. Chipolopolo choyamba chinkaboola kansaluko. Ndiye wopanga kandege ayenera kusankha: ndege yake ikudikira kunyamuka, kapena yangobwera kumene? Ngati zigamba zili zosaboola, utsi wa mfuti kumbuyo kwake uyenera kukhala wochepa, wakale, wopukutidwapo. Ine ndasankha yodikira. Masitika a zigamba amene anabwera m'bokosi ndawasiya, chifukwa ndi ofanana ndendende ngati odulidwa ndi makina, pamene anthu aja ankamata mothamanga ndege ina ikuwadikira. Ndadula timabowo pa tepi ndi lezala, ndapaka kufiira kozimirira ndi burashi yaing'ono, n'kusiya dala kamodzi kopendekeka pang'ono. Mfutizi sizinatalikirane mofanana pa phiko, ziwiri zapakati zili pafupi kwambiri, choncho ndimayang'ana pa pulani nthawi ndi nthawi.

Utsi wa injini ndagwiritsa ntchito choko cha ojambula chopalidwa ndi mpeni kukhala ufa. Injini ya Spitfire, yotchedwa Merlin, ili ndi masilinda 12, asanu ndi limodzi mbali iliyonse, ndipo pa Mk I utsi wake umatulukira m'mapaipi atatu mbali iliyonse. Anthu ambiri amangopaka mzere wakuda bii wowongoka mpaka kumchira. Pa zithunzi suli choncho. Umayamba wochindikala kumbuyo kwa paipi yomaliza, umapindika kutsata mmene mphepo imadutsira pamwamba pa phiko, n'kuzimirira pang'onopang'ono. Sulinso wakuda wokhawokha. Mafuta a ndege a nthawiyo anali ndi mtovu, ndipo mtovu umasiya kutuwa. Ndayamba ndi ufa wofiirira moderako, wotambalala, kenako pakati pake kamzere kotuwa kopyapyala pafupi ndi mapaipi. Mapaipi eniakewo ndi chitsulo chimene chimapsa ndi moto, ndiye apo pokha ndalola mtundu wa dzimbiri.

Kunsi n'kumene ndadetsa mopanda chisoni. Merlin inkadontha oyilo, ndipo mphepo inkamukokera m'mbuyo pamimba ponse. Ndaika timadontho ta penti wa mafuta wakuda wosakaniza ndi wofiirira kumbuyo kwa chivindikiro cha pansi cha injini, n'kutikoka ndi burashi yafulati yonyowa pang'ono, ena aatali, ena aafupi. Kunsi kwa phiko lakumanja kuli rediyeta yaikulu, kumanzere kuli koziziritsira oyilo kakang'ono kozungulira, ndiye mbali ziwirizi sizingade mofanana. Pa matayala ndi kumbuyo kwake ndawaza fumbi lotuwa pang'ono, poti mabwalo ambiri a nthawiyo anali a udzu. Anthu ochepa okha ndi amene adzatembenuze kandegeka kuti aone zimenezi, komabe kusiya mimba yoyera pamene pamwamba pali utsi kukanakhala kunama.

Madzulo ndachotsa tepi pa galasi la woyendetsa. Ndinalimata ndi guluu woyera wamatabwa, osati wouma msanga uja, chifukwa nthunzi yake imasiya chifunga choyera m'kati mwa pulasitiki woonekera ndipo sichichoka. Ndadutsitsa nsonga ya lezala m'mphepete mwa tepi kaye kuti vanishi asasupuke nayo, n'kukweza pangodya ndi kamtengo kotokosera m'mano. Galasi latuluka loyera. M'kati mukuoneka mpando, malamba amene ndinadula ku tepi, ndi makoma obiriwira motuwa. Mawotchi a kutsogolo amene ananditengera madzulo athunthu akungooneka ngati mdima.

Chotsiriza lero chinali waya wa wailesi. Ma Spitfire okhala ndi wailesi yakale ya HF anali ndi waya wochoka pa kamlongoti ka kumbuyo kwa galasi kupita pamwamba pa mchira, ndipo atayamba kuika mawailesi atsopano a VHF wayayo anachotsedwa. Chithunzi cha ndege imene ndikutsatira chikuonetsa waya, choncho ndayatsa kandulo, ndatenga kachidutswa ka fulemu ya pulasitiki imene zidutswa zimabwera zitalumikizidwako, ndakazunguza pamwamba pa lawi mpaka kufewa, n'kukoka manja onse awiri mofatsa. Kamatalika mpaka kupyapyala kuposa ulusi wosokera. Ndamata nsonga imodzi pa mchira, ina pa kamlongoti, kenako ndayandikitsa mutu wa machesi wongozimitsa kumene, waya n'kudzikoka wokha mpaka kuti nga.

Zatsala ndi pulopela, timagetsi ta kunsonga kwa mapiko, kofiira kumanzere kobiriwira kumanja, ndi kapaipi koyezera liwiro kunsi kwa phiko lakumanzere, kamene ndimaika pomaliza penipeni chifukwa kamathyoka ukangokayang'ana. Mawa ndikamaliza zimenezi ndiyamba kachipinda ka woyendetsa ka Hurricane.