Kabuku kanga ka ngongole ndi aphungu a ku Washington

Pansi pa kauntala ya kagolosale kanga pano pa Ulongwé pamakhala kabuku kachikuto chakuda, kothimbirira ndi mafuta ophikira m'makona. Ndimo ndimalemba onse otenga katundu kuti adzalipira mwezi ukatha: aphunzitsi, anamwino awiri, apolisi (awa ndimawalemba ndi pensulo, musandifunse chifukwa), ndi ma activista, aja oyenda khomo ndi khomo kulondola anthu amene asiya kukatenga ma ARV. Mwa onsewa, ma activista ndiwo anali osavuta. Ndalama yawo inali yochepa koma yosajomba. Foni ikangolira kuti M-Pesa yalowa, madzulo ake ali pakhomo, ine n'kudula mzere.

Mmodzi mwa iwo ndi mlamu wanga, mng'ono wake wa mayi a kunyumba. Mu Febuluwale 2025 anafika atanyamula jumbo, m'menemo muli chovala chake cha kuntchito chopindidwa bwinobwino.

"Alamu, tsamba langa lija muyambe mwalisiya kaye. Atiuza kuti tikhale pakhomo mpaka adzatiitane."

"Mwalakwa chiyani?"

"Palibe. Akuti zachokera ku America."

Tsiku limenelo ndi limene ndinayamba kuwerenga za bajeti ya dziko limene sindinapondeko. Pa 20 Januwale 2025, tsiku lomwe analumbira, Donald Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo lopita kumaiko ena kwa masiku 90. Ndalama zambiri za ntchito ya HIV kuno ku Mozambique zimachokera ku PEPFAR, ndondomeko yomwe George W. Bush anayambitsa mu 2003, ndipo gawo lina linkadzera ku USAID, nthambi ya boma la America yomwe inkapereka thandizo kumaiko ena. Pofika pa 1 Julayi, USAID inali itatsekedwa, zotsala zake n'kupita ku unduna wawo woona za maiko akunja. Mwezi womwewo aphungu anavomera kubweza pafupifupi madola 9 biliyoni omwe iwo eni anali atavomereza kale kuti agwiritsidwe ntchito. Ena a ku Senate, imodzi mwa nyumba zawo ziwiri za malamulo, anakangamira mpaka madola 400 miliyoni a PEPFAR anapulumuka. Ndinawerenga nkhani imeneyo katatu, kufuna kuona ngati mlamu wanga alimo m'gulu la opulumukawo. Bungwe lomwe ankagwirako silinamuitanenso.

Chimene chinandizunguza mutu kwambiri chinadza pambuyo pake. Kumeneko chaka cha boma chimayamba pa 1 Okutobala. Lisanafike tsikulo, nyumba zawo ziwiri za malamulo zimayenera kuvomereza mabilu 12 ogawa ndalama ku nthambi za boma, kapena kalamulo kongokankhira masiku kuti zinthu ziyende monga kale pamene iwo akukambirana. Zonsezi zikakanika, lamulo lawo limaletsa nthambi kuwononga ndalama yomwe sinavomerezedwe. Basi, amatseka. Ogwira ntchito ena amawabweza kunyumba, ena omwe ntchito yawo singaime, monga owongolera ndege m'mabwalo, amagwira osalandira kanthu.

Mu 2025 zinachitikadi. Chipani cha Republican chinali ndi mipando 53 mu Senate ya anthu 100, koma kuti bilu yotere idutse pamafunika mavoti 60. A Democrat anati sitivota pokhapokha muwonjezere nthawi ya thandizo lomwe limatsitsa mtengo wa inshuwalansi ya chipatala. Anakokanakokana masiku 43, kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 12 Novembala, kuposa masiku 35 a mu 2018 ndi 2019 aja ankalimbirana ndalama za mpanda wa m'malire ndi Mexico. Ndege zinachepetsedwa m'mabwalo akuluakulu 40. Thandizo la chakudya lomwe anthu oposa 40 miliyoni amadalira linasokonekera. Aphunguwo malipiro awo ankalowa ndithu.

Ndinawafotokozera izi aphunzitsi ena omwe amakonda kukhala pa benchi panja pa golosale akaweruka. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kuti boma lolemera chonchija limatseka zitseko ngati okala yosowa mpamba? Ife kuno bwanji sititseka?"

Funso lawolo ndakhala nalo. Kwathu chaka cha boma chimayamba mu Januwale, ndipo bajeti imadutsa ku Assembleia da República, kwa aphungu 250 ku Maputo. Ikachedwa, boma limapitiriza ndi ya chaka chapita. Ndi momwe zinakhalira mu 2025: zisankho zinali mu Okutobala 2024, Daniel Chapo analumbira pa 15 Januwale, bajeti n'kudzavomerezedwa mu Meyi. Palibe ofesi yomwe inakhomedwa loko. Mbendera inkakwera m'mawa uliwonse. Koma ine amene ndimasunga kabuku ndikudziwa kuti chitseko chikhoza kukhala chotsegula mkati mulibe kanthu. Aphunzitsi omwe ankasekawo ali ndi masamba atatu, ndipo mwezi uliwonse amati ndalama za maola owonjezera zikangotuluka adzamaliza. Taonaponso zoterezi mu 2016, zitaululika ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni, pamene IMF ndi maiko othandiza anaimitsa ndalama zothandizira bajeti yathu. Chaka chimenecho metical inagwa, mafuta ophikira ndinkasintha mtengo wake pafupifupi sabata iliyonse, kabuku kanadzaza mpaka ndinagula kachiwiri.

Pena ndimati bola a ku America, chifukwa kutseka kwawo kuli ndi tsiku loyambira ndi lothera, aliyense amawerenga nawo masiku pa wailesi. Ndiponso ali ndi lamulo la mu 2019 loti wogwira ntchito m'boma amene anabwezedwa kunyumba adzalandira zonse zotsalira boma likatsegula. Mlamu wanga lamulo limenelo silimudziwa. Iye sanali wa boma la uko, sanalinso wa boma la kuno. Anali pakati, pa kontrakiti ya chaka chimodzi, ndipo anthu amene amakambirana za mzere wa bajeti womwe unkamudyetsa sadziwa n'komwe kuti Angónia, dera lathu lino, ili mbali iti ya Zambezi.

Anabwerera kudimba ku Tsangano, kwa makolo. Koma anthu ake aja sanawataye. Kakope komwe ankalembamo mayina akadali nako, ndipo akabwera kuno amazungulirabe makomo awiri atatu kufunsa ngati akumwa mankhwala, popanda womutuma.

Sabata yatha anatsika pa njinga yamoto ndi thumba la mbatatesi, zikuluzikulu zofiira zija.

"Alamu, muyeze izi muchotsere pa tsamba langa."

Ndinayeza. Zinakwana kudula mizere inayi, shuga, sopo, mafuta ndi makope a mwana. Yatsala isanu ndi umodzi. Iye anasuzumira m'kabukumo, n'kuloza manambala omwe ndinalemba mkati mwa chikuto, 30/1/2026, n'kufunsa ngati limenelo ndi tsiku lomwe ndinamuikira kuti akhale atamaliza. Ndinati ayi, limenelo ndi la aphungu a ku Washington, tsiku lomwe ndalama anagwirizana mu Novembala zija zinayenera kuthera. Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu, n'kupempha kuti thumba ndimubwezere poti ndi lobwereka.