Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Zaka Zanga m'Chigwa cha Shire

Bambo atawasamutsa pa ntchito yawo ya uphunzitsi kuchoka ku Mangochi kupita ku Chikwawa, tinaisiya nyanja koma sitinasiyane ndi madzi ake, pakuti mtsinje wa Shire, umene ndi wokhawo wotuluka m'nyanja ya Malawi, tinakaupezanso kumeneko. Ku Mangochi ndinkaudziwa kuti ndi mtsinje wofatsa, woyenda mwakachetechete kukalowa m'nyanja ya Malombe kumene asodzi ankabwerako ndi chambo ndi kambuzi, koma ku Chikwawa ndinaupeza uli wamatope ndiponso woopedwa. Gogo wina wachimang'anja woyandikana nafe atandiona ndili ndi ndowa anandichenjeza kuti, “Mdzukulu wanga, usamatunge padooko limodzi tsiku ndi tsiku, ng'ona imaloweza.”

Bambo ndiwo anandifotokozera zimene zimauchitikira mtsinjewu pakati pa maboma awiriwa. Ukadutsa pa Liwonde, pamene mu 1965 anamangapo chotchingira madzi cha Kamuzu Barrage, umayamba kugwa pa mathithi a Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira, ndipo pofika kuchigwa umakhala utatsika mamita pafupifupi 400. David Livingstone atalephera kupitirira pamenepa ndi sitima yake mu 1859, mathithiwa anawatcha Murchison, koma ndimakondwera kuti maina amene akumveka lero ndi a eni nthaka. Paulendo wake wonse wa makilomita 402, mtsinjewu umalandiranso madzi a Ruo pa Chiromo, nkudutsa Nsanje, nkukathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique, kumene amaulemba kuti Chire.

Chimene chinkandivuta mumtima ndili mwana, ndipo chimandivutabe, ndi chakuti mathithi omwewo ndiwo akhala akupereka magetsi ambiri a dziko lino kuyambira pamene makina a pa Nkula anayamba kugwira ntchito mu 1966, pamene ife okhala kumunsi kwake tinkawerenga ndi nyali ya koloboyi, mphuno zili bii ndi utsi. Gawo la anthu a kuchigwa linali madzi osefukira, amene ankagwetsa nyumba mu Januwale ndi Febuluwale, ngakhale kuti akaphwa ankasiya nthaka yachonde m'madimba. Mayi anabwereka kadimba kotero, ndipo chimanga ndi mbatata za mmenemo ndizo zinatipulumutsa m'chaka cha njala chimene ndidzachifotokoze m'gawo lotsatira.