Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: chaka chomwe tinkagona pa filing'i

Gawo lapita lija ndinalekezera poti sukulu yandikanika chifukwa cha fizi ndipo ndapeza ukondakitala pa minibasi yoyenda Limbe, Bvumbwe, Thyolo mpaka Luchenza. Lero ndikambe za 2011, chaka chimene ine mwana wa ku Thyolo ndinayamba kuchemerera mademo, koma chamumtima, poti kwathu kuno kutero kunali ngati kutukwana bambo ako pa maliro.

Achinyamata a masiku ano mwina simungamvetse kuti Bingu wa Mutharika anali ndani kwa ife. Munthuyu anali wakwathu, munda wake wa Ndata uli konkuno, makuponi a feteleza anayamba nthawi yake mu 2005 ndipo anthu anakololadi chimanga, zimenezo sitingakane ayi. Pa chisankho cha 2009 kuno kunalibe zofunsana kuti uvotera ndani. Amalume anga, achimwene awo a mayi, anali ndi nsalu ya chipani yomwe anaipachika pabalaza m'malo mwa katani, ndipo ukangoti boma ili, iwo amayamba kale kukuyang'ana cham'mbali.

Ndiye kunabwera vuto la mafuta lija. Ndalama zakunja zinasowa, fodya sanagulidwe bwino, azungu othandiza anayamba kubweza manja makamaka atathamangitsidwa kazembe wa Britain mu Epulo chaka chomwecho. Ife a minibasi zimenezi sitinkaziwerenga mu nyuzi, tinkazigona. Kumva mphekesera kuti thanki ya mafuta yafika pa filing'i inayake ku Limbe, basi kutsitsa anthu panjira nkuthamangira pa mzere, kukafika mzere wake wakhota kale mpaka kuseri, ndiye mugone pomwepo, adalaiva mpando wakutsogolo ine wakumbuyo, udzudzu okhaokha, m'mawa kukucha akuuzeni kuti petulo watha koma mukuona ndi maso anu anyamata a zigubu akutuluka nazo zodzadza kuseri. Kenako mafuta omwewo mukawagule kwa iwowo pamtengo wowawa. Bwana mwini galimoto zimenezo sizimukhudza, madzulo akufuna ndalama yake yokwana.

Tikakweza mtengo wokwerera, amene amatukwanidwa ndi ine wa pakhomo. Mayi ena ogulitsa kabichi ndi tomato pa Bvumbwe, kasitomala wathu wa tsiku ndi tsiku, anandigwira malaya tsiku lina nkunena kuti iwe mwana iwe, ndalama yonse ya dengu ili ndikupatse iweyo, ana anga adya msewu? Ndinalibe choyankha. Koma chomwe ndinaona nchakuti mkwiyo uja sunkathera pa ine, umangodutsira. Galimoto ikangonyamuka pa Limbe nkhani imayamba, wina za shuga, wina za misonkho ya bajeti ija ankati zero deficit, wina za ndege ya pulezidenti, wina za aphunzitsi a ku Chancellor College omwe anasiya kuphunzitsa mnzawo atafunsidwa ndi apolisi pa zomwe ananena mkalasi. Anthu amayankhula momasuka ndithu mpaka pa Bvumbwe. Tikangoyamba kulowa m'minda ya tiyi cha ku Thunga mawu amatsika, pofika pa boma aliyense ali phee kuyang'ana pawindo, poti sudziwa amene wakhala naye mpando umodzi akakutchula kwa ndani kumudzi.

Ndiye anthu akamati ku Thyolo kunalibe osapota mademo ine ndimangoseka. Analipo ambirimbiri, ine ndinkawanyamula.

Mabungwe atalengeza za mademo a pa 20 Julaye nkunena kuti aliyense avale zofiira, kunyumba kwathu kunavuta. Ndinali ndi jezi yofiira ya mpira ya pa kaunjika, yomwe ndinkavala masiku onse popanda wondifunsa. Usiku wa pa 19 amalume anabwera, osakhala pansi nkomwe.

"Iwe, chijezi chako chija mawa ndisachione."

"Amalume, ndi ya mpira ija."

"Mpira wake uti? Anthu a ku tauni akufuna kugwetsa mwana wakwathu, iwe ukawathandize? Feteleza amene amayi akowa amathira anakupatsa ndi amabungwewo?"

Mayi anali chete akusenda chinangwa. Mayi angatu moyo wawo wonse athera kuthyola tiyi pa esiteti ina yomwe sindiitchula, kulawira kusanache, dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno, kukafika pa sikelo akalaliki nkudulako makilo ati masamba anyowa. Sindinawamvepo akuyankha achimwene awo. Koma tsiku limenelo anangoti, "Achimwene, kuponiyo feteleza wake ndikathira pati? Kamunda kanga mukukadziwa, mukaima pakati mumalavulira kwa aneba." Amalume anati zimenezo ndi zina. Mayi anati si zina ayi, ndi zomwezo.

Apa mpomwe anthu a kutali samatimvetsa. Ku Lilongwe ndi ku Mzuzu ankakwiya ndi mafuta ndi foleksi, ifenso inde, koma kuno kuli bala lakale kuposa pamenepo, la malo. Uime pamtunda uliwonse uyang'ane, tiyi wobiriwira mpaka pomwe maso alekezera, mitengo ya bulugamu ya esiteti, madamu, ndiye midzi yathu yapanikizana m'mphepete ndi m'mapiri, anthu kulima mpaka pamalo oti mbuzi imaterereka. Agogo athu anagwira thangata pa minda yomweyi. Atsamunda anapita mu 1964, Kamuzu anapita mu 1994, wakwathu analowa mu 2004, malire a esiteti ali pomwe anali. Nchifukwa chake patapita zaka, Vincent Wandale atayamba zake za People's Land Organisation mpaka kunena kuti Thyolo ndi Mulanje likhale dziko palokha, a m'tauni ankaseka pa Facebook kuti ndi nthabwala, koma kumudzi anthu ankapita kukamumvera, ena mwa iwo omwewo ovala nsalu ya chipani. Ine za dziko palokhazo sindinagwirizane nazo, komabe anthu opitawo sindingawanene kuti ndi opusa.

Pa 20 pomwepo bwana anati galimoto isatuluke. Tinaiimika pa Bvumbwe nkukakhala pa shopu ya ometa tsitsi, anthu thoo, wailesi pakati. Jezi ija ndinavala mkati, pamwamba jekete, kunali kozizira kale ndi Julaye ameneyu nde palibe anadabwa kkkk. Mawailesi oima paokha anawaletsa kuulutsa zomwe zikuchitika pompopompo, ndiye nkhani zimabwera pa foni, wina mchimwene wake ali ku Ndirande, wina mlamu wake ali ku Mzuzu, uku akuti utsi wokhetsa misozi, uku akuti masitolo aswedwa, uku akuti awombera. Pa wailesi ya boma pulezidenti anali akupereka lekicha yake. Mdala wina amene ndinkamudziwa kuti ndi wa chipani kwambiri anangoti, akanangowasiya ayende anawo, akanatopa okha nkubwerera kwawo. Palibe anamutsutsa.

Masiku awiri amenewo anthu pafupifupi 20 anafa, ambiri ku Mzuzu. Zoba m'masitolo zija zinatikhumudwitsa tonse, ndipo amalume anazigwiritsa ntchito mwezi wathunthu, ati mwaona mademo anuwo. Koma za anthu owomberedwa sankazitchula, ukaziyamba amadzuka nkumapita kukaona mbuzi.

Mafuta sanabwere chifukwa cha mademo, tisanamizane. Tinapitiriza kugona pa filing'i mpaka chaka chinatha. Bingu anamwalira mu Epulo 2012, anamuika ku Ndata, ndipo ine ndinanyamula anthu opita kumaliro, ena mwa omwe ankamunena m'galimoto mwanga ndinawaona akulira zenizeni, osati zonamizira. Joyce Banda atalowa kwacha inagwetsedwa mu Meyi, mafuta anayamba kupezeka koma mtengo wake eee, bwana wathu anawerengera nkuona kuti sizikutuluka, minibasi anagulitsa kwa munthu wa ku Zomba. Anatiuza Loweruka madzulo, Lolemba ndinali pa mzere wofuna ganyu pa esiteti yomwe ija ya mayi. Za kumeneko ndi za kapitawo amene anandilandira ndidzakamba gawo 10.