Mbama ya pa dazi

Chipewa changa chinauluka titangodutsa pa Mtenguleni. Tinali pamwamba pa kanta, ulendo wa ku Mkaika ku Katete, kumwambo wa Kulamba, ndipo mphepo ya mu Ogasiti sidziwa kuti uyu ndi mkulu wa mpingo. Dalaivala anakana kuima. Dazi langa linatsala pamtetete.

Mwana wa mlongo wanga, yemwe ali ndi mwana wachialubino, sayenda opanda mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Anatulutsa botolo lolembedwa SPF 50, nambala yosonyeza mphamvu ya mafutawo poteteza khungu.

"Amalume, dzolani mutu wonse, makutu ndi khosi lomwe, tisanafike. Amafuna mphindi 15 kuti agwire. Pakatha maola awiri mudzolenso, makamaka mukatuluka thukuta."

Ndinati munthu wakuda ngati ine dzuwa ndi mnansi. Iye anati ngakhale khungu lakuda limapsa, ndipo kuyambira 10 koloko mpaka 16 koloko dzuwa silisankha mtundu. Nditamva mtengo wa kabotoloko, chifundo chinandigwira. Mafuta a mwana ndimalize ine? Ndinafinyira pang'ono pachikhatho, n'kudzimenya nawo pa dazi kamodzi, phwa! Kupaka ayi.

Tsiku lonse ndinali chiimire, kuonerera mafumu a ku Malawi, Mozambique ndi kuno kwathu ku Zambia akulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Gule atalowa m'bwalo, za botolo ndani akanazikumbuka?

Usiku mutu unayamba kuyaka. Pilo ndinamukana. Patapita masiku, dazi linada bii n'kuyamba kusupuka ngati mbatata yootcha, kupatula malo amodzi. Pakati penipeni panatsala dzanja losalala bwino, zala zisanu zonse, chachikulu chitaloza kukhutu.

Kutchalitchi mwamuna savala chipewa. Ndipo mlungu umenewo wowerenga zilengezo ndinali ine, ntchito yoweramitsa mutu. Amayi a chigwirizano anayamba kugwedezana zigongono, maso onse kwa mayi akunyumba.

Madzulo apongozi anafika panjinga kuchokera ku Kapata, nkhope ili gwa.

"Mkamwini, mwana wathu sitinamulere choncho. Munalakwanji kuti mpaka akusiyireni chidindo?"

Ndinafotokoza za mafuta, za SPF, za maola awiri aja. Anangopukusa mutu. Kenaka anaitana mwana wawo kuti aike dzanja lake pa dazi langa, ayeze.

Linakwana ndendende.